Jakisoni wa ku Zomba Mental Sapha Nzeru: Zoona Zake ndi Izi

Takulandirani nonse, a ku Chinamwali, a ku Matawale, a ku Sadzi, ndi inu muli kutali. Musanapitirire, dinani subscribe.

Mbiri tiithamangire. Kuyambira 1910, odwala matenda a maganizo ankatsekeredwa m'ndende ya Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo lomwe tinkayendera linali la atsamunda, la mu 1948. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza latsopano, loika patsogolo ufulu wa wodwala. Lamulo lasintha, koma bodza ili likadali m'makomo mwathu: "Musapite naye ku Mental, akakamubaya jakisoni abwerako chitsiru."

Bodza limeneli limandipweteka mutu! Mwaona munthu akuyenda chowuma, manja akunjenjemera, dovu likuchucha, basi mwagamula kuti nzeru zatha. Ayi. Mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine amachepetsa mphamvu ya dopamine, kemikolo yachilengedwe yonyamula mauthenga mu ubongo, n'chifukwa chake mawu omwe wodwala ankamva yekha amazilala. Koma dopamine yemweyo ndi amene amathandiza minofu kuyenda bwino. Mlingo ukamukulira munthu, thupi limauma. Kwa ena, makamaka anyamata, masiku oyambirira khosi limapindika, maso n'kutembenukira m'mwamba. Zimaopsa, inde, koma si ufiti ndipo si ubongo kufa. Bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Adokotala amachepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera benzhexol, yemwe ambiri amamutcha Artane, thupi n'kumasuka.

Chimene chimawononga munthu ndi ichi: abale aona kuumako, ataya mapiritsi, amumanga unyolo, ayendayenda naye miyezi. Matenda amabwerera, ndipo akamabwererabwerera kuchira kumavuta. Kenako timaloza chala jakisoni! Kupemphera pempherani ndithu, koma mankhwala asaleke. Ngati mukugwirizana nane, lembani "zoona" mu ma comment.

Tsono masitepe oyenera kutsata wachibale akadwala matenda a maganizo.

Choyamba: munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, akukomoka kapena khosi lauma asanamwe mankhwala aliwonse, thamangirani ku chipatala wamba, monga Zomba Central. Akhoza kukhala malungo a mu ubongo, meningitis (matenda oumitsa khosi) kapena shuga wotsika, ndipo zimenezi zimapha msanga.

Chachiwiri: tengani buku lakuchipatala ndi wachibale amene anaona mmene zinayambira. Za chamba ndi kachasu musabise.

Chachitatu, apa tchererani khutu. Mankhwala si Panado. A matenda okhumudwa, monga fluoxetine ndi amitriptyline, amatenga milungu 2 mpaka 4 kuti muyambe kuona kusintha, ndipo munthu akapeza bwino amapitirizabe kwa miyezi 6 kapena kuposa. Amene wadwala misala koyamba kawirikawiri amamwa chaka chathunthu kapena kupitirira, ndipo woletsa ndi dokotala, osati amalume. Woiwalaiwala mapiritsi angathe kupatsidwa jakisoni wa fluphenazine, wobaya pakatha milungu ingapo. Tsiku lobwerera lilembeni pa kalendala. Amitriptyline asungeni inu osamalira wodwala, chifukwa akamwedwa ambiri nthawi imodzi amasokoneza mtima.

Chachinayi: wina akanena zofuna kudzipha, musamuseke, musamukalipire. Mufunseni mwachindunji, kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Chotsani mankhwala a makoswe, a mbewu ndi zingwe, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala lero lomwe. A kumpoto ndi pakati, St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Vidiyoyi itumizeni ku gulu la WhatsApp la banja lanu, makamaka kwa azakhali aja amagamula zonse. Sabata yamawa tili pa khunyu, ndi anthu othawa dovu la wodwala poopa kutengera. Dinani kabelu kuti isakupiteni.