Ndiwo ndi maganizo: kodi zomwe timadya zingachepetse nkhawa?

[Mumsika wa Zomba, m'mawa. Wolankhula waima pamzere wa nsomba zouma, watapa matemba m'dzanja.]

Matemba awa achokera ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Ambirife timawakumbukira pakati pa mwezi, thumba likaphwa. Lero tikambe za mutu, osati mitu ya matembawa ayi, koma wanu ndi wanga.

Kuno ku Zomba ukangoti "mutu wanga sukuyenda bwino", anthu amayamba kukulozera njira ya ku Zomba Mental Hospital uku akuseka. N'chifukwa chake ambiri amangofera mumtima. Munthu watha masabata awiri kapena kuposerapo tulo sakupeza, nsima sikumukomera, mpira womwe ankaukonda alibe nawo ntchito, mtima ukungogunda ngati pali chomuthamangitsa. Achibale amati akuganiza kwambiri. Achipatala amati ndi matenda a kukhumudwa kapena a nkhawa, ndipo amachizika. Funso langa n'lakuti, kodi mbale ya chakudya ili ndi mbali yake pamenepa?

[Pakhomo, pakhonde. Patebulo pali mbale ziwiri za ufa.]

M'chaka cha 2017, gulu la akatswiri ku Australia, motsogozedwa ndi Felice Jacka wa ku Deakin University, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa SMILES. Anatenga anthu 67 odwala matenda a kukhumudwa n'kuwagawa pawiri. Ena ankakumana ndi katswiri wa kadyedwe wowathandiza kusintha zakudya, ena ankangokumana ndi munthu wocheza nawo. Patatha masabata 12, mwa osintha kadyedwe aja, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali atapeza bwino. Mwa ongocheza nawo, sanafike n'komwe mmodzi mwa khumi.

Musafulumire kuwomba m'manja. Anthu 67 ndi ochepa, sangadzaze ngakhale kalasi imodzi ya pulayimale kwathu kuno. Komanso ambiri mwa iwo anali kale pa mankhwala kapena pa uphungu, ndipo sanasiye. Chakudya chinawonjezera pa chithandizo, sichinalowe m'malo mwake.

Nanga ankadya chiyani? Nyemba, masamba, zipatso, nsomba, mtedza, mbewu zosakonola. Anachepetsa zotsekemera, zokazinga m'mafuta ambiri ndi zakumwa za shuga. Mwamvamo chachilendo? Ndi zomwe zija alangizi a zaumoyo amatiuza kusikelo, za magulu asanu ndi limodzi a zakudya.

[Akuloza mbale za ufa.]

Uwu ndi ufa woyera, uwu ndi mgaiwa. Woyerawu timaunyadira, mlendo akabwera ndi womwe timamuphikira. Koma taganizani ulendo wake: takonola, gaga tapatsa nkhuku, mphale taviika masiku angapo, madzi tataya. Mavitamini ambiri a gulu la B apitira komweko. Nkhuku zikudya bwino kuposa mwini khola.

Pali nkhani ina imene imandigwira mtima. Chimanga chili ndi vitamini wotchedwa niacin, koma ndi womangika mwakuti thupi limalephera kumutenga. Munthu akadalira nsima yokha, ndiwo zili zongonyambita, amadwala pelagra. Khungu la pakhosi ndi kunja kwa manja limada n'kukakala ngati lapsa, m'mimba mumatseguka, ndiyeno mutu: kukhumudwa, kukwiya msanga, kuiwala, mapeto ake kusokonezeka. M'chaka cha 1990 matendawa anagwira anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique omwe ankakhala m'dziko muno. Chinachitika n'chiyani? Mtedza unasiya kubwera pa chakudya chomwe ankalandira, n'kutsala ufa ndi nyemba zochepa. Mtedza, abale. Nsinjiro zomwezi amayi amatendera nkhwani.

Ndiye agogo akamatendera chisoso kapena kholowa, musamati ndi zachikale. Masamba obiriwira ali ndi vitamini wotchedwa folate, yemwe ubongo umamufuna. Nsinjiro zikubweretsa niacin. Matemba, usipa ndi dzira zikubweretsa vitamini B12, yemwe m'masamba ndi m'nyemba simungamupeze. Nsombazi zilinso ndi mafuta aja amati omega-3, omwe ena amakagula m'timabotolo pamtengo woti ungagulire ndiwo za sabata yonse.

[Akuthira tiyi m'kapu, kenako akukankhira kapuyo pambali.]

Kuchepa kwa magazi nako kumanamiza anthu. Mayi woyembekezera kapena mtsikana wa kusekondale akungofooka, mtima ukuthamanga, akupuma mobanika, zinthu sizikulowa m'mutu. Zimafanana kwambiri ndi nkhawa, ndipo nthawi zina zonse ziwiri zimakhalapo. Kuyezetsa magazi kuchipatala sikutenga tsiku. Nandolo, khobwe ndi bonongwe zili ndi ayironi wothandiza kupanga magazi, koma tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga kuti thupi lisamutenge bwino. Tiyi adikire ola limodzi. Pa nthawi ya nsima finyirani ndimu m'ndiwo, kapena mutsirize ndi gwafa, lalanje, ngakhale madzi a malambe.

Mwina munamvapo pa intaneti kuti serotonin wambiri, mankhwala a m'thupi omwe amakhudza mmene tikumvera, amapangidwa m'matumbo. Ndi zoona, pafupifupi 90 pa 100 alionse. Chomwe amabisa ogulitsa timabotolo n'chakuti wa m'matumboyo salowa mu ubongo. Matumbo ndi ubongo zimalankhulana ndithu, kudzera m'mitsempha ndi tizilombo tabwino ta m'mimba tomwe timakonda nyemba, mgaiwa ndi chambiko, koma akatswiri akadafufuzabe mmene zimayendera. Wina akakulonjezani kuti ufa wake wa m'paketi uchotsa nkhawa m'masiku atatu, gwirani thumba lanu.

Ophunzira a ku yunivesite okhala ku Chikanda, nkhani iyi ndi yanu. Nthawi ya mayeso mwadzuka osadya, masana mandasi awiri, usiku zakumwa zopatsa mphamvu zija kuti muwerenge mpaka tambala. Kafeini wa m'zakumwazi amathamangitsa mtima, amanjenjemeretsa manja, amalanda tulo, zomwe ndi zizindikiro zenizeni za nkhawa. Mukakhalanso ndi njala nthawi yaitali, shuga m'magazi amatsika, thukuta ndi kunjenjemera n'kuwonjezeka. Mbatata yophika ndi mtedza wokazinga m'mawa zingakuchitireni zambiri kuposa chitinicho.

Mowa sindichedwapo. Kachasu amaiwalitsa madzulo, m'mawa mavuto ali pomwepo, ndipo nkhawa yabwera ndi anzake.

[Akhala pansi, akuyang'ana kamera.]

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Achimwene, mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee, mukundiuza za magulu asanu ndi limodzi?" Mukunena zoona. Kusowa chakudya pakokha kumadwalitsa maganizo, ndipo palibe bonongwe amene angachize nkhawa ya kholo losadziwa chomwe ana adye mawa. Ine ndikungoti, pomwe pali kandalama kosankhira, mulu wa matemba upose botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo mbale ya ndiwo ikuleko pang'ono poyerekeza ndi mtanda wa nsima.

Amene munapatsidwa mankhwala a kukhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline kuchipatala, musasiye chifukwa cha vidiyo ino. Amene muli pa ma ARV, musamwe zitsamba zilizonse zoti n'zochotsa nkhawa musanafunse adokotala. Pali china chotchedwa St John's wort chomwe chimafooketsa mphamvu ya ma ARV ena. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, zimenezo si za ndiwo ayi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala chapafupi kapena ku Zomba Central Hospital.

[Kukhitchini. Matemba ali m'poto ndi tomato, pambali nkhwani ukuwira. Akuthira nsinjiro.]

Matembawa sindinadule mitu, adyedwa ndi minga yomwe. Ndimu ali apo. Nsima ya lero ndi ya mgaiwa, ana adandaula kale kuti ndi yakuda.