Makina akaonetsa P0299, musathamangire kugula turbo

Imani kaye musanatulutse ndalama ya turbo ina! Mundipatse mphindi zochepa chabe.

Moni akuluakulu, takulandiraninso. Lero tili pa magalimoto a turbo omwe ayenda kale mtunda wautali, kaya ndi Subaru Forester, Mazda CX-5 ya dizilo kapena Hilux D-4D. Turbo mukuidziwa: utsi wotuluka mu injini umazungulitsa kagudumu, kagudumuko n'kumazungulitsa kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini, mphamvu n'kukwera. Imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi. Za turbo zakwana, tiyeni ku makina oyezera matenda a galimoto.

Choyamba, pezani soketi ya OBD2, polumikizira makina ku kompyuta ya galimoto. Ili ndi timabowo 16, ndipo kawirikawiri imakhala pansi pa chiwongolero. Ku America inakhala lamulo mu 1996, ku Ulaya mu 2001 pa magalimoto a petulo. Mumalumikizapo kachipangizo kotchipa ngati ELM327, n'kuwerenga pa foni ndi app ngati Torque. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan sagwirizana ndi kotchipaka, amafuna makina aakulu a ku galaji.

Chachiwiri, jambulani code, nambala ya vuto imene makina aonetsa, musanaifufute. Ndipo chonde lekani kuzula waya wa batire kuti nyali ya check engine izime. Mukufufuta umboni, matenda ali pomwepo.

Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja, kumatithandiza kwambiri.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pamandiwawa. Galimoto yachokera ku Songwe bwinobwino, ikufika pokwera Chiweta yafooka, mukuponda mafuta koma siikukoka. Mwapita nayo ku galaji, aiika pa kompyuta, yatuluka P0299. Amakaniko n'kungoti, "Bwana, turbo yapita." Ayi! Code imeneyi siinena kuti turbo yafa. Ikunena kuti mpweya umene wafika mu injini ndi wochepa kuyerekeza ndi umene kompyuta ya galimoto imayembekezera. Basi. Chifukwa chake muyenera kuchifufuza nokha.

Taganizani za mpopi wa pakhomo. Madzi akamatuluka pang'ono, kodi mumayamba mwagula pampu? Mumayamba mwayenda motsatira paipi kuona ngati yaboola. N'chimodzimodzi apa. Kuchokera pa turbo, mpweya umadutsa m'mapaipi a labala, kulowa mu intercooler yoziziritsa mpweyawo, kenako mu injini. Labala wa zaka khumi ndi zisanu amauma n'kung'ambika, makamaka kunsi komwe diso silifika. Chomangira paipi chimamasuka ndi mabampu. Intercooler ili kutsogolo imalasidwa ndi miyala. Palinso timapaipi ting'onoting'ono ta vacuum ndi solenoid, kavalavu ka magetsi, zomwe zimatsegula ndi kutseka wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi kuti turbo isapyole muyeso. Kamodzi kakathetheka, turbo yabwinobwino imakhala ngati yafa. Sensa yoyeza mpweya nayo ikamatidwa ndi oilo ndi mwaye imanamiza kompyuta. Pa dizilo, timapiko ta mkati mwa turbo timagwira ndi mwaye, makamaka galimoto yongozungulira m'tauni, ndipo nthawi zambiri timangofuna kutsukidwa.

Ndinaona ndi maso anga bambo wina atagula turbo, n'kuimanga, code yomweyo n'kubweranso asanatuluke m'tauni. Vuto linali paipi yong'ambika malo aatali ngati chala. Ndalama imene inapita pamenepo inali ya fizi ya ana, ndipo zimandipweteka mpaka lero.

Amakaniko amene mukuonera, sindikunyoza khutu lanu. Khutu limamva zambiri. Koma khutu silingakuuzeni kuti kompyuta ikupempha mpweya wochuluka bwanji ndipo ukufika wochuluka bwanji. Makina amaonetsa manambala awiriwo galimoto ikuyenda. Wina ayendetse, inu muyang'ane pa sikirini pokwera mtunda. Kenako tsekani mapaipi, mupoperemo mpweya pang'ono, muwaze madzi a sopo. Pomwe patuluke thovu, mwapeza wakuba.

Nanga turbo ikafadi? Imadziwika. Utsi wabuluu kumbuyo, oilo kuchepa msanga, kulira ngati sayirini, ndipo mukachotsa paipi n'kugwedeza kagudumu injini itazima, kamakhudza m'mbali. Zikatero gulani, koma onaninso kapaipi kobweretsa oilo ku turbo. Kakakhala kotsekeka, yatsopanoyo nayo siichedwa kupsa.

Chachinayi, mukaona P0234 ndiye kuti mpweya wapyola muyeso. Imeneyo musaiyendetse mothamanga, ingawononge injini.

Ngati muli ndi mnzanu amene wauzidwa kuti turbo yapita, mutumizireni vidiyoyi pa WhatsApp lero lomwe asanalipire. Sabata yamawa tili pa DPF, sefa ya mwaye wa mu utsi, ya Mazda CX-5, ndi chifukwa chake oilo amakwera pa dipstick m'malo motsika.