Liwu Limodzi la Chingerezi, Matanthauzo Ambirimbiri

Amayi, abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, tiyambe ndi liwu lathu lomwe. Ndikati mtengo, mwamva chiyani? Wina waona wamthunzi, wina waganiza za ndalama zogulira katundu. Simusokonezeka, chifukwa mawu oyandikana nalo amakuuzani. Chingerezi nachonso n'chimodzimodzi, kungoti icho chinanyanya.

Tengani run. Kusukulu anatiuza kuti ndi kuthamanga, n'kuthera pomwepo. Koma olemba dikishonale yaikulu ya Oxford, pokonzanso liwuli mu 2011, anawerenga matanthauzo 645 a mneni yekhayo. Run a shop ndi kuyendetsa sitolo. Chimfine chikakugwirani mamina n'kumachucha, mphunoyo akuti ikuchita run. Mukangowonjezera out of zasinthiratu: run out of water, ndiye kuti madzi akutherani.

Liwu lomwe limagwetsa anthu m'mavuto kwambiri ndi charge, poti limabwera m'makalata ofunika. Mvetserani bwino apa. Free of charge, simulipira kanthu. In charge, ameneyo ndiye woyang'anira. Charged with theft, munthu akuimbidwa mlandu wakuba. Ndipo charge yemweyu ndi uja timati kutchaja foni. Tsono munthu wodziwa la foni lokha akalandira kalata ya kukhoti, mukuona mmene angasocherere.

Mutani mukakumana ndi liwu lotere? Musathamangire tanthauzo loyamba m'dikishonale. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Yang'anani kaye kaliwu kamene kali patsogolo pake. Mukaona a kapena the, nthawi zambiri likubwera ndi dzina la chinthu: pay a fine, lipirani chindapusa. Koma I am fine, munthu ali bwino, palibe cholipira. Kenako onani kaliwu kotsatira, monga out, up kapena with. Timawu timeneti timaoneka tachabechabe, koma ndi timene timatembenuza tanthauzo. Give ndi kupatsa; give up ndi kugonja.

Mukatero dzifunseni kuti chikalatacho chachokera kuti. Interest ya m'buku la nthano ndi chidwi. Ya pa pepala la ngongole ndi chiwongoladzanja, ndipo imeneyo muiwerenge kawiri musanasaine.

Lotsiriza ndi left. Turn left, khoterani kumanzere. He left, wachoka. Two days left, kwatsala masiku awiri okha.