Kuika static route pa rauta kuti manetiweki awiri azionana

Eya achimwene, uthenga wanu ndaumva. Khalani pa kompyuta pomwepo, tiyendere limodzi.

Mwati rauta yaikulu, ija ya intaneti, ili pa 192.168.1.1, ndipo yachiwiri ija mwaiika kuchipinda china, ikugawa maadiresi oyamba ndi 192.168.2. Anthu a kumeneko intaneti akuipeza, koma inu printa yawo simukuiona. Chikuchitika ndi ichi: rauta yaikuluyo sikudziwa komwe kuli netiweki ya 192.168.2.0. Ikalandira paketi (kachidutswa ka uthenga woyenda pa netiweki) yopita kumeneko imangoiponya panjira yake ya masiku onse, default route, ija imalembedwa 0.0.0.0. Njira imeneyo ndi yopita ku intaneti, ndipo maadiresi a 192.168 ndi a m'nyumba, kunjako sayenda. Paketi imakathera komweko. Mankhwala ake ndi static route, njira yomwe mumailembera rauta pamanja kuti idziwe kopititsa mapaketi a netiweki inayo.

Musathamangire rauta yaikulu. Yambani ndi yachiwiriyo. Pa WAN pake, pomwe mwalowetsa waya wochokera ku yaikulu, ipatseni adiresi yokhazikika, 192.168.1.2, gateway yake, khomo lotulukira kupita ku manetiweki ena, ikhale 192.168.1.1. Onetsetsani kuti 192.168.1.2 sili m'gulu la maadiresi omwe DHCP ya rauta yaikulu, ija yopatsa makina maadiresi yokha, imagawa. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa mukaisiya kuti izilandira adiresi yokha, tsiku lina idzazima n'kuyakanso ndi nambala ina, route yanu n'kumagogoda pakhomo lomwe mwini wake anasamuka kalekale.

Muli momwemo, zimitsani NAT. Marauta ena amangokupatsani kusankha "Router mode" m'malo mwa "Gateway mode", n'chimodzimodzi. NAT ikayaka imabisa makompyuta onse a kuchipindako kumbuyo kwa adiresi imodzi, ndiye ngakhale route ilembedwe bwino bwanji, firewall yake, mlonda wotchinga zochokera kunja, sikulolani kulowa. Firewall imeneyo muionenso kuti ikulola zochokera ku 192.168.1.0.

Tsopano tsegulani 192.168.1.1 pa browser. Fufuzani Static Routing, kawirikawiri imakhala pansi pa Advanced, ndipo dinani Add. Pa Destination lembani 192.168.2.0. Mwamva? Ziro kumapeto, chifukwa tikunena netiweki yonse, osati makina amodzi. Subnet mask ndi 255.255.255.0, ndipo ikakhala rauta yofuna kalembedwe kachidule, ingolembani /24 kumapeto kwa adiresiyo.

Pa Gateway, pena amati Next hop, ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna. Amalembapo 192.168.2.1, poganiza kuti ndiyo adiresi ya rauta yachiwiri. Ndi yake inde, koma ya mbali ya uko. Rauta yaikulu singapereke paketi kwa adiresi yomwe siikuifikira mwachindunji, imapereka kwa mnansi amene ali naye pa netiweki imodzi. Ndiye lembani 192.168.1.2. Interface sankhani LAN. Metric isiyeni momwe ilili, imagwira ntchito pakakhala njira ziwiri zopita kumodzi, inu muli ndi imodzi yokha. Kenako Save.

Mukadzakumana ndi rauta ya kampani ya Cisco, zonsezi ndi mzere umodzi mukalowa mu configure terminal: ip route 192.168.2.0 255.255.255.0 192.168.1.2. Mukatuluka mulembe write memory, apo ayi ikangozima zonse zapita. Pa Linux ndi ip route add 192.168.2.0/24 via 192.168.1.2, nayonso imafufutika makina akayambiranso ngati simunailembe m'fayilo ya makonzedwe a netiweki.

Poyesa, musalumphe. Yambani ping 192.168.1.2 (ping ndi lamulo loona ngati makina akuyankha), ikayankha pitani pa 192.168.2.1, kenako printa ija. Musayesere pa laputopu ya Windows ya kuchipindako, firewall yake nthawi zambiri siyankha ping, ingokutayitsani masana onse mukufufuza vuto lomwe kulibe. Printa ikakhala chete, onani ngati ili ndi gateway ya 192.168.2.1. Ambiri amaiika adiresi pamanja n'kuiwala gateway, ndiye paketi yanu ikufika ndithu, koma yankho likusowa pobwerera.

Aa, china ndisanaiwale. Mukazimitsa NAT kenako a kuchipindako n'kudandaula kuti intaneti yatha, dziwani kuti marauta ena ang'onoang'ono amachita NAT pa netiweki yawo yokha ya LAN, ya 192.168.2.0 samaiwerengera. Zikatero fufuzani pa NAT ya rauta yaikulu ngati pali powonjezerapo netiweki ina. Zikakanikabe, lembani tracert 192.168.2.1 pa Windows, lamulo loonetsa momwe paketi ikudutsa, mujambule zomwe zatuluka, munditumizire ndione pomwe paketi ikuima.