Makalata a omvera: "Nde ine kwathu nkuti?"

Takulandiraninso nonse kuno ku Mozambiki kuyambira ku Ulongwe, Tsangano mpaka ku Furancungo uko. Kalata yoyamba yachokera ku Domwe kwa mayi yemwe wapempha kuti tisamutchule dzina:

"Achimwene, ine ndinabadwira ku Dedza makolo atathawa nkhondo, tinabwerera kuno ndili kamwana. Pano ndikafuna bilyeti (chiphaso cha unzika) akumandiuza kuti ndiwe Mmalawi poti Chipwitikizi chimandivuta, ndikapita kumsika ku Lizulu akuti uyo ngwa ku Mozambiki. Nde ine kwathu nkuti?"

Achemwali, kwanu ndi konkuno, zimenezi zisakusowetseni tulo. Nkhondo isanathe mu 1992 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi, ana ambirimbiri anabadwira konko ngati inuyo, nanga tinganene kuti onsewo ndi alendo? Malamulo athu amati mwana yemwe bambo kapena mayi ake ndi a ku Mozambiki naye akhoza kukhala nzika ngakhale anabadwira kunja, bola alembetsedwe. Pitani ku rejisto, ku ofesi yolembetsa anthu, ndi mapepala a makolo anu, kalata ya anyakwawa komanso mboni zokudziwani, ndipo akakubwezani afunseni akuuzeni bwinobwino chomwe chikusowa. Kulephera Chipwitikizi si mlandu ayi. Malire a Malawi ndi Mozambikiwa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891 Achewa ndi Angoni atakhala kale mbali zonse ziwiri, mpake mwezi wa Ogasiti mafumu a kuno amapitabe ku Kulamba ku Katete kwa Gawa Undi limodzi ndi a ku Malawi ndi Zambia.

Ina iyi yachokera kwa bambo a ku Tsangano: "Amalawi achuluka m'minda ya mbatata, amalola ganyu ya ndalama zochepa nde ife tikusowa pogwira. Boma liwathamangitse basi."

Bambo, njala yanuyo ndikuimva ndipo sindikuichepetsa. Koma mtengo wa ganyu amaika ndani? Ndi mwini munda, ndipo amasankha dala munthu wopanda mapepala chifukwa akudziwa kuti akamubera sakadandaula kulikonse. Mukathamangitsa awa mawa abweretsa ena. Komanso tisaiwale msanga, mu 2016 abale athu a ku Moatize anathawira ku Kapise ku Mwanza ndipo anawalandira. Nkhani ya malipiroyi mupite nayo kwa amfumu, eni minda akakhalepo, mtengo wa ganyu ukhale umodzi kwa aliyense.