Kupeza Patenti Si Kulemera: Telesikopu, Injini ya Nthunzi ndi Mahedifoni

Moni moni anzanga, takulandiraninso. Lero tikambe za patenti, chikalata chija boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano. Pangano lake ndi ili: munthu aulule chinsinsi chonse, ajambule, alembe mmene chinthucho chimagwirira ntchito kuti aliyense awerenge, ndiye boma limamupatsa nthawi, m'mayiko ambiri zaka 20, yoti wina asapange kapena kugulitsa popanda chilolezo chake. Zakazo zikatha basi chasanduka cha aliyense. Ambiri amaganiza kuti ukangoigwira patenti ndiye kuti walemera. Aaa, ayi ndithu.

[Pa sikirini: telesikopu yakale]

Chaka cha 1608 ku Middelburg, m'dziko la Netherlands, kunali bambo wina wopanga magalasi a maso, Hans Lipperhey. Anaika magalasi awiri mu chubu, kutsogolo lokhuthala pakati, kudiso lopyapyala pakati, zakutali n'kumaoneka ngati zili pompa. Atapempha patenti akuluakulu anamukaniza, poti enanso ankati chipangizochi akuchidziwa komanso kukopera kwake kunali kosavuta. Chaka chotsatira Galileo ku Italy anangomva mphekesera n'kupanga yake, mu 1610 n'kuona miyezi yozungulira Jupiter. Lero ndani amamutchula Lipperhey?

[Pa sikirini: injini ya nthunzi ikupopa madzi]

Amene anadyadi bwino ndi James Watt, ndipo apa ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa nzeru yake ndi yokoma. Injini zakale zomwe anatulukira Thomas Newcomen zinkapopa madzi m'migodi motere: nthunzi ilowe mu silinda, chubu chachitsulo momwe mumayenda pisitoni kukwera n'kutsika, kenako athiremo madzi ozizira, nthunzi ija isanduke madzi, mkati mukhale mopanda kanthu, mpweya wakunja n'kukankhira pisitoni pansi. Vuto ndi loti silinda yonse inkazizira, ndiye kuti pisitoni ibwerezenso pankafunika kuitenthetsanso, kenako kuiziziritsanso, tsiku lonse choncho, malasha kumangothera kutenthetsa chitsulo. Watt anati ayi, nthunzi izikazizirira m'kachipinda kena pambali, silinda izikhala yotentha nthawi zonse. Basi, n'zomwezo. Patenti anaipeza mu 1769, ndipo mu 1775 nyumba ya malamulo ya Britain inamuwonjezera nthawi mpaka 1800.

Ndiye muone kuchenjera kwake. Iye ndi mnzake wa bizinesi Matthew Boulton ankalipiritsa eni migodi ku Cornwall, m'dziko la England, gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe apulumutsa pa malasha. Injini ikamagwira bwino, iwo thumba kumafufuma. Koma ofuna kupanga injini yofananako ankakokeredwa kukhoti, ndipo ine ndimaona kuti zaka 31 zinali zambiri, ena anali ndi nzeru zawo koma manja anali omangika.

[Pa sikirini: mafunde awiri akukumana]

Tsopano mahedifoni aja amachotsa phokoso lakunja, mwina ena mwavala pompano. Mungaganize kuti ndi nzeru yadzulodzuloli, koma munthu wina wa ku Germany, Paul Lueg, anapeza patenti yake ku America mu 1936. Phokoso limayenda ngati mafunde, kukwera kutsika. Kamaikolofoni kamve funde likubwera, sipika itulutse funde lofanana nalo koma lotembenuza, pomwe lija lakwera ili litsike, awiriwa akakumana amafafanizana, khutu n'kumva zii. Papepala zinali bwinobwino. Koma zipangizo zamagetsi za nthawi imeneyo zinali zikuluzikulu ndipo sizikanakwanitsa kuchita zimenezi molondola, moti pomwe kampani ya Bose inkayamba kugulitsa mahedifoni otere kwa oyendetsa ndege chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, patenti ya Lueg inali itatha kalekale.

Ndipotu mpaka pano njirayi ili ndi malire ake. Imagwira bwino pa phokoso losasinthasintha, lija la injini ya ndege longoti wuuu, chifukwa funde lotsatira limakhala lodziwikiratu. Koma mwana akalira mwadzidzidzi pampando wakumbuyo, kaya mahedifoniwo munagula odula bwanji, mumumva ndithu.