Kuyala tizidutswa ta siliva ndi golide pa galasi: njira ya timipira ta pulasitiki

Moni nonse amene mukutionera. Pa zipangizo zambiri zoyezera malungo, zimene amadontheza magazi a pachala zija, mzere wofiirira umene umatuluka uja ndi golide. Golide weniweni, koma wogawidwa m'tizidutswa ta mananomita pafupifupi 40. Kuti mumve kuchepa kwake, tsitsi limodzi la m'mutu kunenepa kwake kumafika mananomita 80,000.

Golide akachepa chonchi amasiya chikasu chake. Kuwala kukamugunda, maelekitironi a m'kachidutswako amagwedezeka onse pamodzi, ndipo amameza mtundu wina wa kuwala n'kusiya wina. Michael Faraday, wasayansi wa ku London, anapanga madzi ofiira a golide, ndipo mu 1857 anafotokoza kuti kufiirako kumachokera ku tizidutswa ting'onoting'ono ta golide. Koma m'madzimo tizidutswa timangoyandama chisawawa. Funso lathu lero ndi lakuti: nanga ukafuna kuti kachidutswa kalikonse kakhale pamalo pakepake pa galasi, kofanana ndi kanzake msinkhu ndi maonekedwe, umatani?

[Pa sikirini: galasi lopakidwa utoto wopyapyala]

Njira ya anthu a ndalama ndi iyi. Amapaka galasi pulasitiki yopyapyala yotchedwa PMMA, kenaka makina amalemba pamenepo ndi mtsinje wa maelekitironi, kadontho kamodzikamodzi. Polembedwapo amatsukapo ndi mankhwala, n'kutsala timabowo. Amatenthetsa golide m'chipinda chopanda mpweya mpaka asanduke nthunzi, nthunziyo n'kukhala paliponse. Akaviika galasilo m'mankhwala otchedwa asetoni, pulasitiki imasungunuka n'kuchoka ndi golide amene anali pamwamba pake. Wotsala ndi wa m'timabowo yekha. Paja golide sagwirana bwino ndi galasi, ndiye amayamba ayalapo kaye chitsulo china, chromium kapena titanium, pang'ono kuti amatirire. Njirayi imajambula chilichonse chimene mwafuna, koma makina ake ndi odula zedi, ndipo poti amalemba kamodzikamodzi, amachedwa koopsa.

Tsono nayi imene ine ndimaikonda.

[Pa sikirini: malalanje oyalidwa pa tebulo]

Yalani malalanje pa tebulo, mothithikana, osasanjikiza. Lililonse lizunguliridwa ndi anzake 6, ndipo pakati pa atatu alionse patsala kampata ka ngodya zitatu. Wazani ufa kuchokera pamwamba, kenaka chotsani malalanjewo. Pa tebulo patsala timilu ta ufa ta ngodya zitatu, toyalana bwinobwino ngati munachita kuyeza ndi rula.

Mu labotale, m'malo mwa malalanje amatenga timipira ta pulasitiki yotchedwa polystyrene tosakanizidwa m'madzi. Amadontheza pa galasi lotsukidwa bwino, n'kudikira. Madzi akamauma amakoka timipira tija kuti tithithikane tokha, popanda dzanja la munthu. Kenaka amathira nthunzi ya siliva, mwina yokwana mananomita 50 kukhuthala kwake, ndipo timipira amatichotsa pogwedeza galasilo m'mankhwala. Ngati timipira tinali ta mananomita 400, tizidutswa totsalato timakhala ta mananomita pafupifupi 90. Mukafuna tokulirapo, ingosinthani timipira. Basi.

Ena anali atayesapo kale cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma amene anaikhazikitsa ndi Richard Van Duyne ndi John Hulteen a ku Northwestern University ku America, mu 1995. Iwo anaitcha nanosphere lithography.

Nanga phindu la ngodya zitatuzi n'chiyani? Mphamvu ya kuwala imaunjikana pa nsonga zakuthwa. Chilichonse chikangomata pa nsongapo, ngakhale kagulu kochepa ka mapuloteni, mtundu wa kuwala umene siliva akumeza umasuntha pang'ono, ndipo makina amauwerenga. Ndiye mukamangirira pa tizidutswato chitetezo cha m'thupi chimene chimagwira puloteni imodzi yokha, galasi lija lasanduka choyezera matenda. Mu 2005 gulu la Van Duyne linagwiritsa ntchito njirayi kupeza mapuloteni okhudzana ndi matenda oiwalitsa zinthu a Alzheimer m'madzi a mumsana wa munthu.

Tisakunamizeni kuti zonse ndi zosalala. Timipira sitimvera nthawi zonse. Pena kamodzi kamasowa, pena tiwiri timakwerana, pena mzere umathyoka, ndipo mukayang'ana pa maikulosikopu ya maelekitironi mumaona ming'alu imene siliva anadzazamo. Komanso njirayi nthawi zambiri imakupatsani kayalidwe kamodzi komweko. Amene akufuna timitanda kapena timizere totalikirana mwa muyeso wake abwerere ku makina odula aja. Koma kwa wofufuza amene akungofuna tizidutswa mamiliyoni tofanana pa galasi limodzi, ine ndimati timipira tikukwana.

Chotsala ndi kusankha chitsulo. Siliva ndiye amaonetsa kusintha kwa kuwala momveka bwino kuposa golide, komanso ndi wotchipa. Vuto lake amada. Salifa wa mumpweya amamudya, nsonga zija n'kuyamba kubuntha, choyezera n'kumanama. Golide sachita zimenezo, n'chifukwa chake ambiri oyeza magazi amathamangira kwa iye. Okakamira siliva amamukuta ndi aluminium oxide wopyapyala kwambiri, wa nanomita imodzi kapena ziwiri, kuti mpweya usamufike koma mphamvu ya pa nsonga izidutsabe.